Mwana wa Ndevu

Philomena atayamba kufunsa za nsimbi m'komboni ya Kanyama, mayi woyandikana naye nyumba anamubweretsera nsimbi yositira zovala, ya makala, n'kumuchenjeza kuti asaigwetse. Philomena anathokoza, anasita malaya awiri kuti mnzakeyo asachite manyazi, kenaka anaibweza. Nsimbi zimene ankafuna iye zinali zitsulo zolemera zija amanyamula anyamata polimbitsa thupi kuseri kwa shopu ya Chola, wowotcherera mageti.

Mwamuna wake Jameson, amene kale ankayendetsa minibasi, anagwidwa ndi sitiroko m'nyengo yozizira, mbali yakumanja n'kufa. Kulankhula ankalankhula, mokoka lilime. Koma kudzuka, kusamba, kupita kuchimbudzi chimene chinali kuseri kwa nyumba, zonsezi zinkadikira kuti padutse mwamuna wachifundo, ndipo chifundo cha odutsa sichichedwa kutopa. Mkulu wake wa Jameson, a Victor, anali atagamula kale pa foni kuti mvula isanagwe adzamutenga kupita naye kumudzi kwawo ku Katete, kumene kuli anyamata ambiri omunyamula. Philomena sakanatsatira. Ana anali pasukulu, ndipo chakudya chawo chinkachokera pa benchi yake ya tomato kumsika. Ankadziwa kuti Jameson akapita, ndiye kuti banja latha popanda wolithetsa.

Philomena atapita kushopu kuja kukafunsa za masewero a nsimbi, Chola anapukuta manja pa ovolosi n'kutulutsa foni.

"Bamake Tiza, mapulogiramu ya boyamba yali yatatu. Iyi ni ya chifuba na manja, ya banyamata. Iyi ni yochepesa mimba. Iyi," anayang'ana kumbali, "ni yamene bakonda bazimai. Ya kumbuyo."

"Kumbuyo nili nako kudala," anatero Philomena. "Nifuna ya kunyamula chinthu cholema pansi, kuimilila nacho, osachigwesa."

"Cholema bwanji?"

"Monga imwe."

Chola sanafunsenso. Anabweza foni m'thumba n'kumuonetsa zinthu zochepa chabe: kunjuta n'kudzuka, kutola katundu pansi msana uli woongoka, ndi kuyenda naye. Anamuuza kuti ayambe ndi zopepuka, azipuma tsiku limodzi pakati, azidya nyemba ndi kapenta m'malo mongomwa tiyi. Kenaka anadula paipi, n'kuimika nsonga zake m'zitini ziwiri za penti zodzaza simenti.

"Osathamanga," anatero. "Musana ukaduka, tizankala na bodwala babili."

Philomena ankachitira masewerowo pabalaza, chitseko chili chotseka. Anayamba ndi ndowa ya madzi, kenaka paipi ija, kenaka thumba la ufa atalikumbatira pachifuwa. Masiku oyamba ntchafu zinkamuwawa moti pokhala pa mpando kumsika ankachita kugwerapo, anzake n'kumamuseka kuti kaya a Jameson achira. Koma chomuvuta kwambiri chinali tsiku lopuma, poti chibadwire anali asanapumepo dala. Jameson ankamvetsera zitini zikugunda pansi ali chigonere.

Kutentha kutafika pachimake, tsiku lina Philomena anamukhazika m'mphepete mwa bedi, ananjuta patsogolo pake, anakoka mkono wakufawo kuudutsitsa paphewa, n'kudzuka naye. Miyendo inanjenjemera koma inagwira. Kuti asaterereke, anamumanga ndi chitenje. Kuyambira pamenepo Jameson ankasamba tsiku lililonse, ankapita kuchimbudzi nthawi imene wafuna, ndipo ankaothera dzuwa pakhonde. Philomena anasangalala, ngakhale sanauze munthu.

Koma njira ya kuchimbudzi inkadutsa poonekera pampopi, ndipo pampopi sipasowa pakamwa. M'mawa wina mayi wina amene ankadikira kuti chigubu chidzaze analankhula, osati mwankhanza, koma ngati mmene anthu amanenera za nyengo.

"Onani Bamake Tiza, bapapa mwana wa ndevu."

Kupapa, m'chinenero cha m'tauni, ndiko kubereka khanda kumsana. Palibe amene amapapa bambo wa nyumba. Amayi anaseka pang'ono n'kuiwala, koma Philomena anamva thupi la mwamuna wake likuuma pamsana pake. Jameson anasiya kupempha zotuluka masana. Anayamba kukana madzi akumwa kuti asafune chimbudzi. Akulu anati walira mvula walira matope, koma Philomena matope amenewa sanawaganizire.

A Victor anafika mitambo itayamba kusonkhana, pa galimoto yahayala. Galimotoyo inaima kumsewu, chifukwa tinjira ta m'kati n'topanikiza ndiponso n'ta miyala. Philomena anawapatsa madzi atagwada, kenaka analankhula zimene anakhala akukonzekera.

"Balamu, palibe chifukwa chobatengela. Manje nikwanisa kubanyamula neka. Basamba, badya, vonse vili bwino."

A Victor anatembenukira mng'ono wawo. "Wamvela vamene bakamba bakazi bako. Iwe ukuti bwanji?"

Jameson anatenga nthawi kuti lilime limumvere. Maso ake anali pansi.

"Nizayenda," anatero. "Kumunzi bazaninyamula bamuna."

Philomena analongedza zovala ndi mankhwala m'chikwama, n'kuikamo bulangete labwino lija. Tsono panatsala kumufikitsa munthu kumsewu. Dalaivala anati iye ntchito yake ndi chiwongolero. A Victor, munthu wamkulu wa mawondo otupa, anamugwira mng'ono wawo m'khwapa n'kukoka, koma anangomusuntha pang'ono, onse awiri n'kutsala pang'ono kugwa. Anayesanso, n'kukhala pansi akupuma mwawefuwefu. Anyamata a m'nyumba zoyandikana onse anali kumaganyu.

Jameson anadzutsa maso n'kuyang'ana mkazi wake.

Philomena ananjuta patsogolo pake, msana uli woongoka, n'kudzuka naye. Anadutsa pampopi, amayi n'kumangoyang'ana zigubu zawo. Anadutsa pashopu ya Chola, amene anazimitsa moto wake n'kuima. Msewu unali patali ndithu, koma sanamutsitse paliponse mpaka anamukhazika pampando wakumbuyo ndi kumuikira mkono wakufawo pamiyendo.

"Walema?" anafunsa Jameson, kutanthauza kutopa.

"Iyayi," anatero Philomena.

Sananame. Njira yonse ija mwamuna wake sanamulemere ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka.