Lamba Wolowa m'Khungwa

Tonya anaimitsa galimoto pomwe msewu wamatope unathera n'kutsika. Apongozi ake, a Merle, anali atafika kale patsinde pa mtengo wa thundu, akuyang'ana m'mwamba. Nsanja yawo yachitsulo, yomwe ankakhalapo podikirira agwape, inali pompo, kutalika kwake kuposa denga la nyumba. Tsikuli linali Lachisanu, ndipo nyengo yosaka inkatsegulidwa Lolemba.

"Mwandilondoleranji, amake Josie? Mwana mwamusiya ndi ndani?"

"Ndi bambo ake. Kuyenda sangathe, koma botolo la mkaka amagwira."

Cody, mwana wa a Merle komanso mwamuna wa Tonya, anagwa pansanja yake milungu isanu yapitayo atakwera kukaiyesa. Lamba womangira nsanjayo kumtengo anaduka. Malamba ovala m'thupi, oti amugwire akaterereka, anali atawasiya pansi pa mpando wa galimoto. Tsopano ankagona pabalaza, msana uli m'zitsulo, ndipo madokotala sankalonjeza kanthu.

"Mufiliji mulibe nyama," anatero a Merle. "Anthu anayi tidya chiyani mpaka Malichi? Wina akwere basi."

"Akwere, koma osati pamenepo. Nsanjayi munaitsitsa liti, Bambo?"

"Kuitsitsa? Yakhala pompo zaka zisanu ndi zitatu. Taonani." Anagwira makwerero n'kugwedeza ndi mphamvu zonse. Nsanja sinasunthe n'komwe. "Mtengo waikumbatira wokha. Galu wamkota sakandira pachabe, mwana wanga."

"Cody nayenso anagwedeza choncho."

Tonya anazungulira kuseri kwa mtengo. Lamba wam'munsi, womanga makwerero, anali pamsinkhu wa phewa lake. Anali atalowa m'khungwa mwakuti khungwalo linatupa uku ndi uku. Kale anali wofiira, koma tsopano anali mbuu. Anamukanda ndi chikhadabo, ulusi n'kuyoyoka ngati ufa.

"Bwerani muone."

"Ndikumuona ndili pano."

"Bwerani kuseri kuno, komwe agologolo amadyera. Theka lake latha. Mtengo umakula, Bambo, lamba sakula. Chaka ndi chaka ukumukoka, dzuwa likumuwotcha. Mukuti walimba? Wafufuma ngati mimba ya chule, akungodikira munthu."

"Sukulu munasiyira panjira, koma kulalikira mumaposa abusa."

"Ndinasiya chifukwa cha mdzukulu wanu. Mukadandaule kwa mwana wanu."

A Merle anaseka pang'ono, koma anabwera. Anavala magalasi n'kuwerama. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana.

Tonya analankhula osawayang'ana. "Mu Januwale Cody anali atavala kale nsapato, kuti akatsitse nsanja yake n'kukaisunga m'shedi. Kunja kunali chisanu, Josie akutsokomola, ine ndisanagone masiku awiri. Ndinati khala, upita mawa. Anavula nsapato. Mawa lakelo silinafike." Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Pakadafunda padajiwitsa galu. Ndine ndinamukhazika pofundapo."

"Ayi," anatero a Merle. "Tsiku limodzi ndi lanu. Masiku ena onsewo ndi anga."

"Anu bwanji?"

"Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pomwe ndinayamba kukwera naye. Ndinkamuuza kuti kutsitsa nsanja chaka chilichonse ndi ntchito ya anthu a m'tauni. Malamba ovala aja ndinkati ndi matewera. Mayi ake atamugulira ake oyamba, ndinamuseka pamaso pa anzanga mpaka analira." Anavula magalasi. "Malambawo sanawavalenso."

Mphepo inagwetsa masamba ouma pakati pawo. Kenaka mkuluyo anatsokomola.

"Chabwino. Tigule lamba watsopano, ndikwere kamodzi kokha ndikamange pamwambapo."

"Mukwera pa chiyani? Pa wakaleyo?"

"Sindilemera ine. Mwandidyetsa nyemba mwezi wathunthu."

"Bambo, m'nyumba muja muli bedi limodzi la odwala, ndipo ine ndili ndi manja awiri. Munthu wachitatu womusambitsa sindimufuna."

Tonya anapita kugalimoto, n'kubwerako ndi chingwe ndi mpeni. Anadula lamba wam'munsi uja. Mpeni unangodutsa ngati mu buledi. Anamanga chingwe pakati pa makwerero, mbali inayo n'kuikola kumbuyo kwa galimoto. A Merle anaima poteropo, manja m'matumba. Sanamuthandize, komanso sanamuletse.

"Sunthirani kutali," anatero Tonya, n'kuliza injini.

Anangochotsa phazi pa buleki. Galimoto inakwawa pang'ono, chingwe chinakungika, ndipo pamwamba panamveka phwa! Nsanja yonse inapendekeka n'kugwa pansi, mpando wake n'kukhoma pamwala mpaka kupindika.

Tonya anazimitsa injini n'kutuluka.

"Munaponda moto?" anafunsa a Merle.

"Sindinaponde."

Mkuluyo anayenda mpaka pomwe panagwera mpando, n'kutola chidutswa cha lamba wapamwamba. Anachikoka ndi zala ziwiri, chinadukanso.

"Cody musamuuze," anatero. Kenaka anapukusa mutu. "Ayi. Ndikamuuza ndekha. Ndi zinazo zomwe."

Lolemba m'mawa a Merle anatenga mfuti ndi ndowa yapulasitiki. Ndowayo anaivundikira kuseri kwa chitsa n'kukhalapo. Ali pansi choncho agwape ankamva fungo lawo akadali kutali, ndipo milungu iwiri yosaka inatha osawombera chipolopolo ngakhale chimodzi. Tsiku lomaliza anabwera masana, anapachika mfuti, n'kusamba m'manja.

"Amake Josie, tandionetsani mmene mumamutembenuzira," anatero.

Tonya anawaimika mbali ina ya bedi la Cody, n'kuwasonyeza pogwira.