Kabokosi Kolira pa Lamba wa Elisha

Elisha anabwera kuchokera ku chipatala cha ku Rustenburg ali ndi kabokosi kakuda pa lamba. Chilungulira chinali chitamuzunza zaka ziwiri. Adokotala anamumata kapisozi kummero, woyeza asidi wokwera kuchokera m'mimba. Kapisoziyo ankatumiza zonse ku kabokosiko, popanda waya. Lamulo lake: masiku awiri osakavula. Pamtima pakawotcha adine batani, alembe m'kabuku zomwe wadya.

Tsoka ilo, tsiku lachiwiri, Lamulungu, Amalawi a ku Marikana anakumana kuseri kwa mkhukhu, kanyumba ka malata ka a Beston, kupangana zonyanyala ntchito. Anzawo anayi anali atachotsedwa kale. Wina ankapereka mayina kwa mabwana. Aliyense ankayang'ana mnzake cham'mbali.

Elisha anali atangodya magwinya, mandasi a kumeneko, ndi acha, mango wa tsabola uja. Moto unakwera pachifuwa. Anadina. Kabokosi kanati tii!

Onse anatembenukira kwa iye.

A Beston, mkulu amene anakalambira mumgodi, analoza ndi ndodo. "Ini lo, mfana? N'chiyani chimenecho?"

"Ndi zakuchipatala, madala."

"Chipatala chimabwera kumsonkhano?" anatero Redson, mnzake wa shifiti imodzi. "Vula!"

Anamuvula kabokosiko. Redson anakakaika patali, pa mulu wa matayala. Kataona kuti kasiyana ndi kapisozi, kanayamba kulira kosalekeza.

"Mwamva? Kakuitana eni ake!" anatero Redson.

Elisha ankadziwa zomwe amamuchita impimpi kuno. Kazitape sayankha mlandu kawiri.

Anamupisa m'thumba, napeza kabuku. A Beston anavala magalasi.

"Seveni koloko, Sauda. Teni koloko, Sauda. Wani koloko, Zuwena." Anatsitsa magalasi. "Mayina ndi nthawi zomwe."

"Ndi komwe ndadya, madala! Anamwino anati ndizilemba zakudya. Ine ndimangolemba mwini mbale. Nanga si timati ndadya kwa uje?"

Palibe anaseka. Redson anatola chitsulo.

Sauda, wogulitsa magwinya pageti la mgodi, anadutsa pakati pa amunawo n'kutsomphola kabuku. Anawerenga milomo ikugwedera. Pambali pa dzina lake paliponse panali mawu amodzi: moto. Pa Zuwena, wogulitsa mnzake: bwino.

"Iwe Elisha! Ukukandineneza kwa adokotala kuti acha wanga amawotcha? Wa Zuwena, wamadzimadzi uja, ndiye bwino? Chaka chonse umanyambita zala, lero moto?"

"Pepani, achemwali, m'mimbamu ndi momwe..."

"Mumenyeni ndithu," Sauda anauza amunawo, "koma mlandu wake ndi umenewu!"

A Beston ndiwo anayamba kuseka, mpaka kutsokomola. "Impimpi wa magwinya," anatero. "Redson, taya chitsulocho. Mubwezere wailesi yakeyo."

Kabokosi katabwerera pa lamba kanakhala chete. Koma Redson sanachotse maso.

"Akhale apa, pafupi ndi inu, madala. Chala chake chisakhudze batani."

Msonkhano unapitirira. Posakhalitsa moto unakweranso. Elisha anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. A Beston anamudinira batani lija ndi nsonga ya ndodo.