Mphero ya ku Mozambiki

Mphero ija agogo anga anachita kuisenza pamutu pochoka ku Mozambiki, ndipo inayamba kupera mawere kuno ku Domasi ine ndisanabadwe. Anaiswa ndi amuna anga, a Spencer. Mpaka lero ndikawaona atagwira hamala mtima umandiwawa.

Amayi anga ali gone pamphasa, chaka chachiwiri chino. Maso anafa, mano anatha. Chimene amameza ndi phala la mawere basi, ufa wakenso ukhale wapamphero. Wakuchigayo amalavula, ati umanunkha dizilo. M'mawa uliwonse ndinkagwada kuseri kwa zenera lawo n'kumapera, ndipo akamva mwala ukulira ankadziwa kuti kunja kwacha.

Tsono mphero ikagwira ntchito nthawi yaitali imasalala, mawere amangoterereka osaphwanyika. Mankhwala ake n'kuikhazika pamchenga, n'kumaigogoda pang'onopang'ono ndi kamwala kolimba ka mumtsinje, tsiku lathunthu, mpaka ikhale yokhakhala. Ndinawauza bwinobwino a Spencer kuti ndichita ndekha Loweruka. Koma paja iwo ndi mmisiri womanga nyumba, mwala uliwonse amauyesa njerwa. Lachinayi ndili ku Mvano ku mishoni, iwo anaikokera pakhonde la simenti n'kutenga hamala.

Pobwera ndinapeza zibenthu ziwiri, a Spencer atakhala chapambali, chipewa chili m'manja.

"Ndimati ndikupepuzeni ntchito, amake Tisungeni," anatero.

"Anakutumani ndani?" ndinawafunsa chonong'ona, kuopa kuti amayi angamve. Ndikanakhala ndi mpata wokuwa, a ku Malosa akanandimva.

A Spencer anapalasa njinga mpaka ku Naisi kukagayitsa mawere mwakabisira. M'mawa mwake ndinagwada pamalo panga pomwe paja, n'kumakhukhuza mwala waung'ono pachibenthu chachikulu, popanda ndi njere imodzi yomwe. Manyazi anandigwira, munthu wamkulu ine kunamiza wondibereka.

"Lyness," amayi anaitana. "Talowa."

Ndinalowa ndi phala. Supuni inafika pamlomo, iwo osayasama.

"Mwala uja sukulira monga kale. Wasweka eti?"

"Ayi amayi, wangosalala."

"Ndaperapo zaka makumi asanu ndi limodzi, mwanawe." Anatembenukira kukhoma pang'onopang'ono n'kukoka chitenje mpaka m'khosi. "Mawa usavutike n'kugwada."

Ndinakhala pomwepo ndikulira, mpaka phala linazizira m'manja mwanga.