Manja Atatu a Pensulo

Mkazi wanga ankajambula makatuni a m'nyuzipepala, timabokosi tinayi sabata iliyonse. Nkhani yake inali ya banja lina: mwamuna wa makutu aakulu amene ankaiwala chilichonse, ndi mkazi wake wamfupi amene ankamukumbutsa. Owerenga ankamutcha mwamunayo Achimakutu. Makutuwo anali anga. Ndinadandaulapo kamodzi, iye n'kuwakulitsa.

Ankayamba ndi pensulo, mizere yopepuka yambirimbiri, kufunafuna pamene mphuno ikhale kapena phazi liponde. Akakhutira ankadutsamo ndi inki. Inki ikauma, ntchito yotsala inali yanga: kufufuta pensulo yonse ndi labala kuti patsale mizere yakuda yokha. Ankati dzanja lake n'laukali, limang'amba pepala, pomwe langa, la mphunzitsi wa masamu, linazolowera kufufuta zolakwa za ena.

Anamwalira nyengo ya tchuthi itayandikira. Patebulo lake la pawindo panatsala katuni ya tchuthiyo, ya pensulo yokhayokha. Ndinaivundikira ndi nsalu osaiyang'anitsitsa, ndipo ndinkangopukuta fumbi mozungulira.

Maliro atatha, mkonzi wa nyuzipepala anabwera kunyumba. Anapepesa nthawi yaitali, akutembenuza chipewa pabondo, kenako anafika pa chimene anadzera.

"Bambo, musandione ngati ndilibe mtima. Owerenga akufunsa. Ngati mayi anasiya ina, tikanaitulutsa pa tchuthi pano kuti anthu atsanzikane nawo."

"Ilipo," ndinatero, "koma ndi ya pensulo."

"Aa, pensulo makina athu saigwira bwino. Imatuluka ngati utsi."

Mwana wathu wamkazi, amene amajambula mapulani a nyumba pakampani ina, anali pakhomo la kukhitchini akumvetsera.

"Ndidutsamo ndine," anatero. "Amayi anandiphunzitsa."

Sindinamutsutse pamaso pa mlendo. Koma ndinkadziwa chimene chimatsatira inki. Mizere ya papepalalo inali yomaliza imene dzanja la mkazi wanga linalemba, ndipo woifufuta akanakhala ine.

Mkonzi atachoka ndinamufunsa mwanayo ngati sangakopere papepala lina, ili n'kulisunga.

"Ababa, ndikakopera ikhala yanga," anayankha. "Ndikadutsa momwe anadutsa amayi ikhala yawo. Mukufuna anthu atsanzikane ndi ine?"



Loweruka m'mawa anakhala pampando wa amayi ake, nautsitsa pang'ono chifukwa iye ndi wamtali. Anavundukula nsalu ija. Ine ndinaima kumbuyo kwake, ndipo tinaiwerenga limodzi koyamba.

M'kabokosi koyamba banja lija lili pasiteshoni ya basi, likupita kutchuthi, Achimakutu atasenza zikwama mpaka m'khosi. M'kachiwiri akuziwerenga ndi chala. M'kachitatu basi yanyamuka, iwo ali pawindo, chifuwa chili tuu, akuuza munthu woyandikana naye kuti, "Chaka chino sindinaiwale kanthu!" M'kachinayi mkazi wawo waima yekha pasiteshoni, basi ikuzimiririka patali.

Mwana wanga anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako kusekako kunasanduka china. Ndinamupatsa kampango, ine n'kupita kukaika madzi pamoto, ngakhale panalibe amene anapempha tiyi.

Nditabwerako anali atayamba. Ankagwira cholembera chapatali ngati amayi ake, lilime lili pakona pa milomo. Anadutsa m'zikwama, m'matayala a basi, m'makutu anga.

"Koma makutuwa, ababa, inki ikwanira?"

"Gwira ntchito, iwe."

Atafika pa kabokosi komaliza anaima.

"Tabwerani muone."

Ndinavala magalasi. Mkazi wapasiteshoniyo kumanja kwake kunali manja atatu. Lina linali m'mwamba, lotambasula zala, likutsanzika. Lina linali chibakera choloza basi. Lachitatu linangolendewera m'mbali mwa diresi. Umu ndi momwe mkazi wanga ankachitira akakhala kuti sanatsimikize: ankawajambula onse, n'kudzasankha limodzi tsiku la inki.

"Ndidutse liti?" anafunsa mwanayo.

"Sankha wekha."

"Ayi. Inu ndi amene mumawadziwa. Ine ndinawapeza ali kale amayi."

Ndinayang'ana dzanja lotsanzika lija. Zala zake zinali zopyapyala, mzere wake wonjenjemera pang'ono, pakuti masiku amenewo pensulo inali itayamba kumulemera mkazi wanga. Ndinalifuna. Kuchipatala sanatsanzike, anagona masana ndikumusendera lalanje, osadzukanso. Ndikanangonena mawu amodzi, dzanjalo likanakhala la inki, losafufutika, ndipo aliyense wogula nyuzipepala akanaona mkazi wanga akutsanzika mwaulemu.

Koma ndinakhala naye nthawi yaitali moti sindikanadzinamiza. Mkazi amene mwamuna wake wamuiwala pasiteshoni sakweza dzanja mwaulemu. Ndiponso iye sankalola katuni yake kutha ndi chisoni. Ankati anthu ali nacho kale chokwanira kunyumba kwawo.

"Chibakera," ndinatero.

"Mwatsimikiza?"

"Akanasankha chimenecho. N'chimene chikuseketsa."

Anadutsamo mwachangu, mizere itatu inayi, chibakera chija n'kuda bii. Kenako anatseka botolo la inki, nanyamuka pampando, n'kundisiyira malo.

Tinadikira kuti iume. Ndinatenga labala m'kabati n'kuyamba ndi kabokosi koyamba, kuchokera pakati kupita m'mphepete kuti pepala lisakwinyike. Mawilo owonjezera a basi anachoka. Mphuno zoyeserera zinachoka. Dzanja lolendewera silinavute.

Linatsala lotsanzika lija. Mwana wanga anati, "Ababa, mwina tingalisiye. Makina aja saliona bwino."

"Aliona pang'ono. Anthu adzati amayi ako anajambula munthu wa manja atatu. Iwo sakanakondwa nazo."

Ndinagwira pepala ndi dzanja lamanzere n'kufufuta pang'onopang'ono, kuyambira pachigongono. Zala ndinamalizira.

Patebulo panatsala tinyenyeswa ta labala, totuwa ndi pensulo. Ndisanaganize chochita nato, mwana wanga anawerama n'kutiuzira pansi kuti tisadetse pepala. Analiika mu envulopu yaikulu, navala nsapato, n'kuthamangira kwa mkonzi ofesi isanatsekedwe.