Malilime Awiri Kumbuyo kwa Boti

Boti la Dalaivala linali ndi khalidwe limodzi loipa. Mayiyu akangowonjezera moto, linkadzutsa mphuno kumwamba ngati mbuzi yofuna masamba a mumtengo, kumbuyo n'kumira. Injini inkalira, mafuta ankatha, koma liwiro lake la munthu wopalasa.

Ndiye kunabwera mwayi. Anamwino a chipatala cha kutsidya anatopa ndi kuzungulira pamlatho tsiku ndi tsiku, ndipo anati adzalemba ntchito aliyense wowawolotsa m'mphindi makumi awiri. Dalaivala ankaifunitsitsa ntchitoyo, koma boti lake linkatenga mphindi makumi anayi.

Mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, anadula timalata tiwiri tolimba m'chitseko cha galimoto yakufa n'kutimanga kumbuyo kwa boti, kena kumanzere kena kumanja, topendekera pang'ono pansi.

"Awa ndi malilime," anatero. "Madzi akawakankha, kumbuyo kudzuka, mphuno igwa pansi, boti liyenda pamwamba pa madzi m'malo mowalima."

Anayesa sabata yathunthu. Ulendo uliwonse ankakweranso achimwene ake a Dalaivala, bambo wa thupi lodzaza chitseko, amene chiwachotsereni ntchito ya ulonda ankangokhala pakhonde kuwerenga nkhuku za eni. Palibe ankawaitana. Ankangofika ndi ambulera yawo, n'kukhala kumanzere, malo omwewo tsiku lililonse, n'kuyamba kulangiza. Boti likapendama, wowotcherera ankatenga hamala n'kukhotetsa lilime lakumanzere, mpaka linawongoka.

Tsiku lachisanu boti linauluka. Mphuno inagwa, madzi anasiya kukoka, ndipo pansi pa boti pankangomveka phaphapha. Dalaivala anakuwa ngati wawina mpira, duku n'kuuluka osalitsatanso. Anaseka mpaka misozi, mphepo n'kumuumitsa mano.

"Mphindi khumi ndi zisanu, alamu!" anakuwa wowotcherera.

"Ndimanena ine!" anayankha achimwene, amene sananenepo kanthu kotero.

M'mawa wa tsiku loti anamwino ayese botilo, Dalaivala anawaimitsa achimwene padoko.

"Achimwene, lero mutsale. Mungawatopetse anamwino ndi nkhani zanu."

Anapinda ambulera yawo n'kukakhala pa tayala lakale. Dalaivala mtima unamuwawa pang'ono, koma ntchito ndi ntchito.

Anamwino anali munthu wochepa thupi, wonyamula kabokosi ka mankhwala. Anakhala pakati n'kuyang'ana wotchi. Dalaivala anawonjezera moto, boti linadzuka bwinobwino, kenako linagona chakumanja ngati woledzera. Chiwongolero chinayamba kulimbana naye. Iye akokere uku, boti lifune uko, madzi akuwaza anamwino kumaso.

"Mayi, kodi tikupita kuchipatala kukagwira ntchito kapena kukagonekedwa?" anafunsa anamwino atakumbatira kabokosi.

Apo m'pamene zinamulowa m'mutu. Sabata yonse ija ankaganiza kuti akukonza boti, chonsecho ankakonza boti lokhala ndi achimwene kumanzere. Lilime lokhotetsedwa lija linkanyamulabe munthu amene panalibe. Kuseka kunamugwira pomwepo, kuseka kwa mantha, ndipo anatembenuza boti kubwerera kudoko.

"Achimwene! Thamangani!"

"Ine? Wa nkhani zotopetsa uja?"

"Pepani, achimwene anga, ndagwira mwendo wanu. Kwerani!"

Anayenda mosafulumira, ngati mkwati, n'kudzikhazika pamalo pawo. Boti linati tsoo, n'kuwongoka. Linanyamuka ngati lakumbukira kwawo. Ambulera inatembenuzika, achimwene akuimba nyimbo yopanda mutu, anamwino akuseka chogwira chipewa. Anafika kutsidya wotchi ikunena mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuphatikiza kubwerera kuja.

"Lolemba, hafu sikisi," anatero anamwino akufinya siketi. "Ndipo injiniya wanuyu asatsale."

Achimwene anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. Dalaivala anaona kuti akonza kolala ya malaya, ndipo maso awo anyowa, osati ndi madzi a mumtsinje.

Boti litabwerera, wowotcherera anamva nkhani yonse, n'kugwa pansi ndi phwete. Kenako anatola hamala.

"Kanthu kochepa aka, amayi. Ndingoliwongola lilimelo kawiri katatu, ndiye muziyenda nokha opanda katundu."

Dalaivala anayang'ana kudoko. Achimwene anali atagwada m'boti, akupukuta mpando wakumanzere ndi mpango wawo wa m'thumba, uku akufotokozera asodzi awiri mmene madzi amakankhira chitsulo. Ankalakwitsa zonse, koma asodziwo ankamvetsera.

Anagwira dzanja la mwamuna wake.

"Bambo, ikani hamalayo pansi. Boti lili bwino."