Mchenga pa Chitseko cha Galimoto

M'masiku a Chitaganya, Rabisoni ankayendetsa galimoto yakuda ya a Rashidi, mwini sitolo ku Katete. Ankainyadira kwambiri, ndipo poipukuta ankasankha phula ndi nsalu yofewa basi.

Loweruka lina, pochokera ku Sinda, anapatukira kumudzi kwa mkazi wake. Iye akudya m'nyumba, apongozi ake aakazi anaona matope pachitseko cha galimoto. Pofuna kulemekeza mkamwini wawo, anatapa mchenga ndi phulusa nakwecha monga amakwechera mbale.

Rabisoni atatuluka anapeza chitseko chili mikwingwirima yokhayokha, apongozi atagwada chapatali, akumwetulira chozolika. Mtima unamuwawa, koma mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, nanji kuwadzudzula.

"Anabanda," anauza mkazi wake, "muwauze amayi kuti ndathokoza."

Panjira anaima pamthunzi napaka phula katatu, koma mikwingwirima sinachoke.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa a Rashidi, Rabisoni atafika ku Katete.

"Ndine, bwana. Ndinasankha nsalu yolakwika."

"Nsalu yake ili ndi mano?" A Rashidi anasisita chitsekocho kwa nthawi. "Kuyambira mawa uzikayendetsa lole ya mtedza."

Rabisoni anapereka makiyi ndi manja awiri.