Mzati wa m'Shedi Yakale

Mpando wanga m'shedi yakale ya pabwalo la mpira unali kumbuyo kwa mzati. Unali mzati wachitsulo wopaka penti yobiriwira, umodzi mwa mizati yochirikiza denga, ndipo unkanditchingira golo la kumanja ngakhale tinkakhala pafupi nalo. Mpira ukafika kumeneko ndinkangoona miyendo ya osewera ikulowa kuseri kwa chitsulo, kenako n'kudikira kuti wina andiuze.

Wondiuzayo anali a Wilf, amene ankakhala kudzanja langa lamanja. Kumanzere kunkakhala mkazi wanga Glenys, fulasiki ya tiyi ili pamiyendo. Tinakhala choncho zaka zoposa makumi atatu, Loweruka lililonse limene timu yathu inkasewera pabwalo lathu.

"Chachitika n'chiyani?" ndinkafunsa.

"Goloboyi waugwira ndi mano, Aphunzitsi."

"Tanenani zoona, a Wilf."

"Zoona zake n'zakuti munagula mpando wa anthu osaganiza. Waphonya. Waumenyera kumsika uko."

Mpira ukapita ku golo lakutali, la kumanzere, kumene ndinkaona bwino, ndinali ndi chizolowezi chotchula chapansipansi dzina la wosewera aliyense amene waugunda ndi kumene waupereka. Glenys ankati ndikuitana mayina m'kalasi. Nthawi ina ndinamuuza kuti tipemphe mipando ina yopanda mzati. Iye anati, "Tikachoka, a Wilf azinamiza ndani?" Nkhani inathera pomwepo.

Dzina la bambo awo a Wilf sindinkalidziwa, nawonso langa sankalidziwa. Anamva kwa Glenys kuti ndimaphunzitsa kusekondale, basi ndinakhala Aphunzitsi. Ine ndinkadziwa kuti anagwirapo ntchito kufakitale yonyika nsalu isanatsekedwe, kuti amabwera pabasi, ndiponso kuti amadana ndi woyimbira mpira aliyense wobadwa mwa mkazi. Kunyumba kwawo sindinafikeko. Mu Meyi mpira ukatsekera tinkapatsana dzanja, mu Ogasiti ukayambiranso n'kupatsananso dzanja. Anthu a m'shedi timakhala choncho.

Glenys anamwalira nyengo yozizira. Nditabwerera kubwalo patapita masabata angapo, a Wilf anayang'ana mpando wopanda munthuwo, kenako anayang'ana kubwalo. Nthawi yopuma itakwana anatulutsa fulasiki m'thumba la chikhoto, chinthu chimene anali asanabwere nacho chiyambire, nandithirira tiyi. Anali wa shuga wambiri.

"Osewera athu apakati alibe mafupa," anatero.

"Alibe ndithu."

Ndinawathokoza mumtima kuti sananene zina.

Chaka chomwecho akuluakulu a timu anamaliza kumanga shedi yatsopano tsidya lina la bwalo, nalengeza kuti yathu ya matabwa igwetsedwa mpira ukatsekera. Tonse a matikiti a chaka chonse tinayenera kukasankha mipando kwatsopanoko. Woyamba kusankha anali amene wakhala zaka zambiri osadumphitsa. Ine ndinali m'gulu la Lolemba. A Wilf analeka kugula tikiti ya chaka chonse kwa kanthawi fakitale itatsekedwa, choncho zaka zawo zinayambiranso kuwerengedwa, ndipo anawaika Lachisanu. Ofuna kukhala moyandikana ankayenera kubwera limodzi pa tsiku la mnzawo wotsalira m'mbuyo.

Tinazikambirana kamodzi kokha, pa mpira womaliza, nthawi yopuma.

"Tsiku lanu ndi liti, Aphunzitsi?"

"Lolemba."

"Ehe, mabwana. Ife amphawi ndi Lachisanu." Anauzira tiyi wawo. "Musandidikire. Pofika Lachisanu padzatsala mipando ya pansi ponyowa ndi mvula, ndi ya pafupi ndi zimbudzi."

"Ndikhoza kudikira."

"Kudikira chiyani? Kulibe mzati kumeneko. Muzikaona ndi maso anu, ine ndipumeko. Zaka zonsezi ndakhala wailesi yanu popanda malipiro."

"Wailesi yake yabodza."

"Yaulere simadandaulidwa."

A Beryl, mayi wa mawu okweza amene ankakhala kumbuyo kwathu ndipo ankamenya mpando wanga ndi bondo tikagoletsa, anawerama. "Madala awiri inu, mungogwirizana apa zithe."

"Tagwirizana kale," anatero a Wilf. "Tikusudzulana mwamtendere."

Tinaseka tonse. Munthu wakwathu kuno akati musandidikire, umaumirira kawiri, katatu, mpaka agonje ngati akukuchitira chifundo. Ine ndinaumirira kamodzi. Ndinkaopa kuoneka ngati bambo woferedwa amene akukakamira chikhoto cha aliyense wapafupi. Ndinaganizanso kuti mwina a Wilf atopadi kukhala pambali pa mpando wa malemu.

Tinagonja tsiku limenelo. Mpira utatha anthu ena anatulutsa masipanala n'kuyamba kumasula mipando yawo kuti apite nayo kunyumba, alonda akuyang'ana kumbali. A Wilf anausisita mzati uja ngati hatchi yokalamba, nandipatsa dzanja.

"Mu Ogasiti, Aphunzitsi."

"Mu Ogasiti."

Lolemba ndinapita. Shedi yatsopano inkanunkha penti ndi simenti. Mtsikana wa mu ofesi ya matikiti, dzina lake Shauna, anakwera nane masitepe. Mipando yotengedwa kale anali ataimata timapepala tofiira, ndipo inali yochepa.

"Mipando iwiri monga kale, bambo?"

"Umodzi."

Sanafunse zambiri. Ananditengera pakatikati, moyang'anizana ndi mzere wogawa bwalo, m'mwamba pang'ono, pansi pa denga.

"Takhalani apa muone. Aliyense akulimbirana pano."

Ndinakhala. Udzu unali utametedwa kumene, ndipo bambo wina ankayendetsa kangolo kolembera mizere. Magolo onse awiri ankaoneka, ndi ngodya zonse zinayi. Tsidya linalo anali atayamba kusasula denga la shedi yathu, ndipo mizati inangoima pamtetete. Ndinayesa kupeza wanga, koma yonse inali yofanana.

"Uwu wa pambaliwu mungausunge mpaka Lachisanu?" ndinafunsa.

"Sizitheka, bambo. Ngati pali anzanu, mubwere nawo Lachisanu musankhire limodzi. Koma pano padzakhala patatha. Pofika mawa lomweli."

Mtsikanayo anayamba kuyang'ana foni yake. Ndinaganiza za kubwera Lachisanu, kuima pachipata, a Wilf n'kundipeza, n'kunena kuti, "Nanga si ndinati musandidikire?" Ndinasowa chimene ndikanawayankha pamaso pa anthu. Ndinayang'ananso bwalo lija, lonse lathunthu, monga ndinali ndisanalionepo.

"Matanipo kapepala kanu," ndinatero.

Lachisanu ndinakhala kunyumba ndikudulira mpanda wa maluwa.

Ogasiti anafika ndi dzuwa. Kumanzere kwanga kunakhala bambo ndi mkazi wake ovala malaya atsopano a timu, kumanja mwamuna wa ndevu amene ankaonera mipira ina pafoni pamene wathu uli mkati. Anali anthu aulemu. Ndinayang'ana m'mizere ya m'munsi kufunafuna chipewa cha a Wilf, koma anthu anali ambiri, ndipo mpira unayamba.

Chapakati pa chigawo choyamba wosewera wathu wakutsogolo anathamangira ku golo lomwe lija mzati unkanditchingira. Anamenya, wotchinga kumbuyo anaugunda ndi ntchafu, mpira unatuluka. Zonsezi ndinaziona bwinobwino. Komabe ndinapezeka ndapendekera kumanja.

"Chachitika n'chiyani?"

Wa ndevu uja anandiyang'ana. "Kona, madala. Simunaone?"

"Ndinaona. Pepani."

Nthawi yopuma ndinatsika kukayendayenda pansi pa shedi, pamene amagulitsa tiyi ndi mapayi a nyama. Mawu a a Beryl ndinawamva ndisanawaone. Anali pamzere, akudzudzula wogulitsa kuti mapayi achepa msinkhu.

"Aphunzitsi! Muli moyo? Akuikani kuti?"

"Pamwamba apo, pakati."

"Kwa mabwana." Sanaseke. "Lachisanu lija munali kuti?"

"Tsiku langa linali Lolemba."

"Ndikudziwa tsiku lanu. Ndikufunsa za Lachisanu."

Ndinafunsa kumene a Wilf akhala. A Beryl anatuluka pamzere, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, nandikokera pambali pa khoma.

"Sanasankhe mpando. Ine ndinali wa Lachisanu, ndinawaona. Anafika m'mawa atavala tayi, mukumva? Tayi. Anaima pachipata mpaka masana. Aliyense wamtali wa magalasi akamadutsa ankamuyandikira kuti amuone kumaso. Kenako analowa kukafunsa mtsikana uja ngati Aphunzitsi anabwera kale. Mtsikana akuti dzina lawo ndani? Iwo akuti Aphunzitsi, amuna a Glenys. Mwana wa eni akanatani?"

"Anandiuza okha kuti ndisawadikire."

"Inunso munakhulupirira? Mwabadwa dzulo?" Anandiyang'ana ngati woyimbira mpira. "Munthu uja maso anayamba kumuvuta kalekale. Golo lapafupi ankaliona, lakutali kunali chifunga chokhachokha. Mukuganiza ankadziwa bwanji amene wagoletsa kumeneko? Ankamvera inu, ndi kung'ung'udza kwanu kuja."

"Sananenepo."

"Akananena? Wilf? Glenys ankadziwa. Mzere wonse tinkadziwa. Tinkayesa inunso mukudziwa, kuti n'chifukwa chake simunkatseka pakamwa."

Anthu anayamba kukwera masitepe kubwerera m'mipando. A Beryl anapitiriza, mawu atatsika pang'ono. Anati mtsikana uja anawayendetsa a Wilf m'mipando yotsala, anakhala apa, anakhala apo, n'kunena kuti ponseponse m'patali. Potuluka anauza a Beryl kuti azimvera pa wailesi yeniyeni, yosanama.

"Amakhala kuti?" ndinafunsa.

"Ndidziwa bwanji? Amabwera pabasi."

"Dzina la bambo awo?"

"Wilf basi. Inu zaka zonsezi simunafunse, mukufuna ndidziwe ine wakumbuyo?"

Chigawo chachiwiri tinagoletsa kawiri. Zigoli zonse ndinaziona kuyambira pamene mpira unachokera mpaka pamene ukonde unagwedezeka. Oyandikana nawo anadumpha, ine ndinaomba m'manja.

Mkati mwa sabata ndinapita ku ofesi ya matikiti. Shauna anawakumbukira. "Agogo a tayi aja," anatero. Koma adiresi ya munthu sakanandipatsa, ndipo ndinamumvetsa. Analonjeza kuti ayesa kuwaimbira pa nambala imene anali nayo. Nditabwereranso anati nambalayo inali ya foni ya m'nyumba yakalekale, siikugwiranso.

Ndinamufunsa ngati pali mipando imene yatsalabe. Anati ilipo, mzere wa pansi penipeni, chakumapeto, kumene denga silifika.

"Pafupi ndi golo liti?"

Anandilozera pachithunzi cha bwalo. Linali golo lomwe lija.

"Pali iwiri yoyandikana yopanda eni?"

"Ilipo yambiri, bambo. Palibe amene akuifuna."

"Mundisamutsire kumeneko."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka. "Mpando wanu uja pali anthu akuulirira. Mukausiya simudzaupezanso."

"Apatseni."

Pansipo mpira suoneka bwino. Umakhala pafupi ndi udzu kwambiri moti osewera amatchingana okhaokha, ndipo mvula ikabwera ndi mphepo ya kumadzulo imalowa m'khosi. Golo lapafupi lokha ndi limene limaoneka ngati lili pakhonde pako. Mpando wa kumanja kwanga nthawi zambiri umakhala wopinda. Masiku a mpira waukulu amaugulitsa kwa mlendo wa tsiku limodzi.

Loweruka ndimafika msanga, n'kukaima pokwerera basi pa msewu wa kumlatho, kumene ndinkawaona a Wilf akutulukira. Mabasi oima pamenepo ndi ochokera mbali zosiyanasiyana, ndipo sindidziwa yawo. Ndimayang'ana otsika mpaka ndimve phokoso la m'bwalo lonena kuti matimu atuluka, kenako ndimalowa mochedwa, kupepesa anthu a mumzere kuti andipatse njira. Fulasiki ya Glenys ndimainyamula, ndi kapu yachiwiri m'thumba.

A Beryl akuti ndapenga. Sabata yatha ananditsikira nthawi yopuma, ambulera ili m'manja, naima pamwamba panga.

"Munthu wophunzira kukhala pamvula chonchi. Akabwera adzakusekani."

"Adzanena kuti ndagulanso mpando wa anthu osaganiza."

"Adzakhala akunena zoona kwa nthawi yoyamba."

Anamwa tiyi wa m'kapu yachiwiriyo, nadandaula kuti shuga wachuluka, n'kubwerera kumtunda. Mpira utayambanso unapita ku golo lakutali, ndipo ndinamva pakamwa panga pakutchula mayina, mmodzimmodzi, chapansipansi.